Kawotchi ka Hita Kanatsalira

Ine Kingstone Kaphamtengo ndayendetsapo thiraki pamwamba pa nyanja youma ndi chisanu ku Manitoba, madzi ali gwa ngati simenti. Ndagonapo m'galimoto ku Norway chisanu chikung'amba milomo. Beitbridge ndinawoloka kasanu ndi kawiri ndi kachikwama kamodzi, ndipo kuno ku Leicester ndinafika ndi jekete yobwereka. Lero ndili ndi maminibasi atatu, dzina langa lili m'nthiti mwa iliyonse, zilembo zofiira zoti munthu awerenge ali tsidya lina la msewu. Zimenezi ndimazinena paliponse, kutchalitchi, kuukwati, ngakhale kumaliro, ndipo sindichita nazo manyazi chifukwa palibe anandipatsa. Koma Loweruka lija la mu Januwale, nditatsika takisi pakhomo panga ku Evington n'kuona galimoto ziwiri za polisi, maiko onsewo sanandithandize kanthu.

Nthawi inali itangopitirira hafu pasiti 8. Ndinali nditatera kumene kuchokera ku Poland, komwe ndinakaona basi yachinayi. Udzu, mipanda, madenga a galimoto, zonse zinali mbuu ndi chisanu. Mayi wina wamfupi wa chikhoto chakuda anali atavula gulovu n'kuika dzanja pa boneti ya basi yanga yoyera, yomwe imagona pakhomo. Anati ndi Sajeni Farzana.

"Basi iyi yayenda m'mawa uno," anatero m'Chingerezi. "Injini ikadali yofunda."

Ndinaseka. Ndinasekadi, chifukwa nkhani imeneyi ndimaikonda. Ndinamuonetsa chingwe chachikasu chomwe chimatuluka pansi pa chitseko cha galaja n'kukalowa kumphuno kwa basi. Ndinamuuza kuti anthu a kuno kuzizira sakudziwa, amangodziwa kudandaula nako. Ku Canada ngakhale mwana amadziwa kuti injini ya dizilo imafuna hita, kachitsulo kolowetsedwa m'thupi la injini, kotenthetsa madzi ake ndi magetsi a m'nyumba. Ndipo hitayo suisiya ikuyaka usiku wonse ngati chitsiru. Umaika taima pa soketi, kawotchi kozungulira, kuti kayatse 3 koloko m'bandakucha n'kuzimitsa 6 koloko. Dalaivala akabwera kudzanyamula anthu a shifiti ya ku Corby, amangokhudza kiyi, injini n'kulira ngati ili ku Nsanje.

"Kawotchiko sikadziwa kuti lero ndi Loweruka, basi siyenda," ndinatero. "Kamayatsa tsiku lililonse. Kufundako n'kumeneko, Sajeni. Mu Leicester monse muno ndine ndekha amene ndinaganiza zimenezi."

Anandisiya ndimalize. Kenaka anandikodola ndi chala, tinazungulira kumanzere kwa basi. Nyali yakutsogolo inali itasweka, chitsulo cha pansi pake chitapindikira mkati. Pa mano a galasi losweka panakola kaulusi kabuluu.

"Hita yanuyo imaswanso nyali?" anafunsa.

Anafotokoza mosakweza mawu. Twente pasiti 5, pa msewu wotsetsereka wa ku Highfields, basi yoyera inagunda munthu amene ankachokera ku shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba. Kamera ya pa sitolo ina inajambula zilembo zofiira, zonse bwinobwino, ndi dalaivala wa chipewa chaubweya amene nkhope yake siinaoneke. Munthuyo anamalizikira mu ambulansi. Dzina lake Eugene Sakala.

Eugene ndinkamudziwa. Anali wa ku Zambia, ankaimba besi m'kwaya ya tchalitchi chathu. Mawu a Sajeni ndinkawamva ngati akuchokera m'nyumba ya eni ake. Sindinamve chisoni, sindinamve mantha. Ndinangoona kuti nsapato yanga yakumanja yamasuka chingwe.

"Makiyi a basi iyi ndi angati?"

"Atatu. Imodzi ndinapita nayo ku Poland. Ina ili ndi dalaivala wanga, Moffat. Yachitatu imakhala pa msomali m'khitchini."

"Ya m'khitchini ili pamalo pake. Akazi anu akuti anali mtulo, mwana wanu wamkazi chimodzimodzi, ndipo onse akuti basi sanaiyendetsepo. Inu pasipoti yanu ikukuchitirani umboni." Anavalanso gulovu yake. "Moffat tamutenga kale. Amakhala yekha, palibe woti anene kuti anamuona pabedi. Tili naye mpaka mawa m'mawa, kenaka timutsegulira mlandu."

Wapolisi wina anazula chingwe kumphuno kwa basi n'kuchiponya pansi. M'galaja sanalowemo. Basi anaikweza pa thiraki yawo, dzina langa likudutsa pamawindo a anthu onse a mumsewu mwathu.

M'nyumba, mkazi wanga Constance anandilandira chikwama.

"Mwayenda bwanji, bambo a Tiya?"

"Ndayenda bwino."

Anandipatsa tiyi. Ndinamwa yense osadziwa ngati munali shuga.

* * *

Cha m'ma 11 koloko foni inalira, nambala yobisika.

"Bwana, ndine."

Moffat Gondwe, mwana wa ku Rumphi, munthu wosadziwa kukweza mawu. Anadikira mapepala zaka zisanu ndi zinayi, akugona m'zipinda za anthu ku Hyson Green. Atawapeza ndinamulemba ntchito tsiku lomwelo, ndipo zaka zitatu zonse sanakandepo basi yanga ngakhale pa chipata. Mkazi wake Evelyn ndi ana awiri anali atawalola kubwera. Ankayembekezeka mu Malichi.

"Bwana, funso limodzi andifunsa kanayi. Ine dzulo basi ndaimika 7 koloko madzulo, ndalumikiza chingwe, ndapita kwathu, ndaphika, ndagona. Mboni yanga ndi pilo."

"Loya wabwera?"

"Wabwera. Akuti wagunda munthu n'kuthawa, ndi zaka zambiri. Akuti ndikamaliza zakazo mapepala andilanda, andikweza ndege." Anapuma. "Ana awachotsa kale kusukulu kumudzi, bwana. A Evelyn nyumba abweza kwa eni ake. Musawauze kaye."

"Moffat, ndimvere ine. Ine ndinatulutsapo munthu m'selo ku Musina ndi pakamwa pokhapa, popanda loya, popanda kanthu. Ine ndine Kingstone."

Zinali zoona, ndinamutulutsadi munthuyo. Koma mawuwo anatuluka okha, ngati wailesi yoiwalidwa m'chipinda chopanda anthu. Ndinamufunsa za kiyi.

"Kiyi yako unabwerekapo munthu?"

"Kiyi yanga imagona m'thumba la buluku, bulukulo limagona pansi pa mutu wanga. Bwana, akuti nthawi yatha. Koma amene wabweza basiyo n'kulumikizanso chingwe, ameneyo si wakuba. Wakuba sabweza chingwe."

Foni inaduka.

* * *

Ndinakwera takisi kupita ku Highfields, kunyumba ya malemu. Kwathu maliro sudikira kuitanidwa. Nyimbo zinkamveka kuyambira pa masitepe, nsapato zili mbwee pakhomo. Ndisanagogode, chitseko chinatseguka. Anali Leonard, mlamu wake wa Eugene, mchimwene wa Lorraine amene tsopano anali namfedwa. Anatuluka n'kutseka chitseko kumbuyo kwake.

"Ba Kingstone," anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka, "imwe mwabwela kucita cani kuno?"

"Ndabwera kudzapepesa, achimwene."

"Zina yanu ndiye ili pa motoka ija. Manje mufuna ba sisita bakuoneni pa menso lelo? Awe. Bwelelani cabe."

"Dalaivala wanga akuti si iye."

"Nanga angakambe cani?" Maso ake anali ofiira koma ouma. "Uja wa pa shopu anaona vonse pa windo, atiuza. Motoka inaimilila, ba Kingstone. Inaimilila. Citseko ca kumbuyo, cija cokoka, cinaseguka, munthu anacosa mwendo umozi panja, so. Pamene apo wina mukati anakuwa, citseko mbaa, motoka yayenda. Benze babili. Babili, na umozi sanaseluke kumugwila mutu."

Anafuna kunena zina koma m'nyumba munthu anayamba kulira mokweza, iye n'kulowa. Ndinatsala ndekha pa masitepe ndi nsapato za anthu.

Awiri. Moffat alibe mnzake woyenda naye m'bandakucha. Munthu ameneyu ngakhale Khirisimasi amadya yekha ndikapanda kumukoka.

* * *

Nditabwerera ku Evington ndinapeza a Yacoob akuwaza mchere pakhomo pawo. Ndi oyandikana nafe khoma limodzi. Anabadwira ku Limbe, m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ya nsalu ya bambo awo, ndipo ngakhale anabwera kuno mu 1976, Chichewa sanachisiye pa eyapoti.

"Achimwene Kingstone! Bwerani kuno, bwerani. Pepani kwambiri, iii, zovuta zedi. Moffat mnyamata wabwino, amandinyamulira bini Lachiwiri lililonse."

"Apolisi anakufunsani, madala?"

"Afunsa. Amayi aja akuti, mwaona basi ikutuluka? Ine ndati ayi. Mwamva ikulira? Ndati amayi, mkazi wanga amandiitana ali pamphuno pangapa sindimumva, nanga basi? Ine zaka sevente-folo, makutu anapuma pantchito kalekale. Maso okha ndiye akadali anyamata."

"Ndiye simunaone kalikonse."

"Ine ndimatuluka twente tu 7 kupita ku mzikiti. Basi inali pomwepa, phee." Anasiya kuwaza mchere. "Koma kanyali kanu kaja kandisokoneza mutu lero."

Chingwe changa ndi cha ku Canada. Kumapeto kwake kuli kanyali kofiira koonetsa kuti magetsi akuyenda.

"Kanyali katani?"

"Masiku onse ndikamatuluka kamakhala kozima. Chisanu chino ndi chachitatu ndikukaona, ndimakadziwa ngati mphaka wanga. Lero ndikutuluka, koyaka. Ndati, Yacoob walawirira, wotchi yako yapenga. Ndafika ku mzikiti, nthawi yake yomweyo, anthu ali pamzere. Ndikubwera twente pasiti 7, kanyali koyakabe! Ndalowa m'nyumba, ndavula nsapato, ndasuzumira pa windo, kazima."

"Magetsi anathima usiku kwanuko?"

"Kuthima? Kuno si ku Limbe, achimwene."

"Apolisi munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa za basi. Za nyali sanafunse." Anandiyang'ana nkhope. "Bwanji, ndalakwa?"

"Simunalakwe, madala."

Kawotchi kanga kamazimitsa 6 koloko. Ndinakatchera ndekha Lachitatu ndisananyamuke, ndikuyang'ana nthawi pa foni. Ine sindiphonya mphindi.

* * *

M'galaja munkazizira kuposa panja. Kawotchiko kanali pamalo pake, pa soketi ya pafupi ndi chitseko. Ndi kanthu koyera kokwana m'dzanja, kali ndi gudumu la manambala a maola onse a tsiku ndi timano tokanikiza. Batire kalibe. Magetsi akamayenda gudumu limazungulira. Akaduka limaima pomwepo ngati bulu, ndipo akabweranso limapitiriza pomwe linalekera, osadziwa kuti dziko lapita patsogolo.

Foni yanga inati 2 koloko masana. Muvi wa kawotchi unaloza patsogolo pang'ono pa hafu pasiti 12.

Kanali katatsalira ola limodzi ndi theka, kuchotsapo pang'ono.

Ndinaima pamenepo manja ali m'thumba. Magetsi sanathime, a Yacoob anena, ndipo wotchi ya pa uvuni m'khitchini mwathu inali pa nthawi yake. Ndiye kuti munthu analowa m'galaja muno m'bandakucha, hita ikuyaka, n'kuzimitsa swichi ya pa khoma. Anazula chingwe, anayendetsa basi, anabwera, analumikizanso chingwe, n'kuyatsanso swichi. Kawotchi kanapitiriza ntchito yake mochedwa, ndiye kanyali ka a Yacoob kaja.

Moffat swichi imeneyi sakhudza. Sabata yake yoyamba anaizimitsapo kamodzi, mawa lake injini inali ngati mwala, anthu khumi ndi asanu anachedwa ku shifiti. Ndinamukalipira mpaka a Yacoob, ndi makutu awo aja, anatuluka kudzaona. Lamulo langa ndi limodzi, lomwe ndinaphunzira kwa mzungu wina wa ndevu ku Winnipeg: zula kumphuno kwa basi, koleka chingwe pa msomali, khoma usaligwire. Zaka zitatu Moffat sanaphonyepo. Munthu amene dzanja lake linazolowera chotero sangasinthe pa tsiku lothamanga. Pothamanga m'pamene dzanja limachita zimene linazolowera.

Ndiye ndani amene, ali pa liwiro, mumdima, m'chisanu chotere, angayambe walowa m'galaja kukazimitsa pa khoma asanagwire pulagi?

Ndinatambasula dzanja kuti ndikonze gudumulo, monga ndikanachitira tsiku lina lililonse. Chala chinafika pafupi. Ndinachibweza m'thumba.

* * *

Mwana wathu Tiyanjana anali m'khitchini, buledi ali m'manja. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, amaphunzira pa yunivesite ya konkuno.

"Tiya, m'mawa unamva chiyani?"

Anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana athu obadwira kuno. "Palibe, Dadi. Apolisi ndawauza kale. Ndimagona ndi nyimbo m'makutu."

"M'galaja unalowamo?"

"Kukatani? Muli akangaude ndi nkhani zanu za ku Canada basi." Anandiyang'ana, nkhope inagwa. "Pepani. Ankolo Moffat awatulutsa, eti? Sangachite zimenezo. Munthu amene amaimitsa basi chifukwa cha nkhunda."

"Tiona."

"Ndimafuna ndipite kwa mnzanga, nyumba ino yandikwana lero, koma galimoto ya Mami yafa. Batire latheratu, ngati wina wakhala akuiliza mpaka kulimaliza. Dzulo inali bwinobwino."

Ndinasuzumira pa windo. Kagalimoto ka Constance kanali pamsewu, kali mbuu ngati ena onse. Koma pa galasi lakutsogolo, mbali ya dalaivala, panali malo opalidwa, aakulu ngati mbale, pomwe chisanu chinagwiranso chopyapyala.

Tiyanjana anaponya buledi mu tositala n'kukanikiza. Sinagwire. Anakanikizanso. Kenaka anapumira m'mwamba, anatambasula dzanja kuseri kwa ketulo, n'kuyatsa swichi ya pa khoma. Tha!

"Nyumba inonso! Tositala, ketulo, TV, chaja yanga, chilichonse Mami azimitse pa khoma. Zaka twente ali ku England koma akuganizabe kuti magetsi abwera ndi ukali n'kuwotcha filiji."

Filijiyo inapsadi. Munali mu 1998, ku Zingwangwa, m'nyumba yathu yoyamba. Magetsi anathima tsiku lonse, pobwera anabwera ndi mphamvu, filiji ndi wailesi zinapsa limodzi ine ndili ku Joni. Kuyambira tsiku limenelo dzanja la Constance limapita lokha pa khoma. Satuluka m'chipinda swichi ili yoyaka, ndipo pulagi sazula asanazimitse, ngakhale nyumba itayaka moto. Azimayi ambiri akwathu ali choncho. Ine ndinasiya kuziona kalekale.

"Dadi? Mukundiyang'ana choncho bwanji?"

"Amayi ako ali kuti?"

"Kumwamba. Chiyambire m'mawa sanadye."

* * *

Constance anali atakhala m'mphepete mwa bedi. Chikwama changa cha paulendo chinali chotsegula, zovala atazipatula, zochapa uku, zoyera uku. Shati imodzi inali pamiyendo pake, osaipinda, osaiika pansi. Kunja dzuwa la kuno, lomwe silichedwa, linali litayamba kale kufiira.

Ndinatseka chitseko n'kukhala pa mpando.

"Mayi a Tiya, kawotchi ka m'galaja katsalira."

"Katsalira?"

"Mukazimitsa pa khoma kamaima."

Anayang'ana dzanja lake lamanja, analitembenuza, ngati ndi la munthu wina. "Sindikukumbuka n'komwe kuti ndinazimitsa," anatero. "Kiyi ndinabweza pa msomali. Chipewa chanu ndinachapa. Mpando ndinaubwezera m'mbuyo mmene Moffat amausiyira. Ndimaganiza kuti ndakumbukira zonse."

Mawu ake anali osalala, ngati akuwerenga zolengeza za kutchalitchi. Anga anatulukanso chimodzimodzi.

"Winayo anali ndani?"

"Becky."

Becky ndi mng'ono wake. Anamukana mapepala kawiri, ndipo kuyambira chaka chatha ankangosamukasamuka m'zipinda za anthu. Mu Disembala Constance anandipempha kuti adzakhale nafe. Ndinakana. Ndinati ine dzina langa ndinalimanga ndi manja angawa kuchokera pa jekete yobwereka, sindingaliike pa moto chifukwa cha munthu wopanda mapepala. Ndinanena mokweza, tikudya, ndipo ndinaonjezera nkhani ya mmene ndinadzithandizira ndekha ku Norway.

"Anaimba 4 koloko," anatero Constance. "Akuti dzulo kunabwera anthu a mayunifolomu kudzafunsa mayina kunyumba kwawoko, akuti abweranso m'mawa. Amalira. Ndinapita pa galimoto yanga, ndinapala galasi, ndinailiza, ndinailiza, mpaka inangoti zii. Ndiye ndinaona kanyali kanu kofiira. Ndinakumbukira zimene mumanena kwa alendo onse, kuti basi yanu ngakhale mwana angailize ndi chala chimodzi." Anaima pang'ono. "Inaliradi kamodzi."

"Simunaiyendetsepo basi imeneyi."

"Ndinaiyendetsa lero. Popita zinayenda. Pobwera, potsetsereka paja, ndinaona munthu akuwoloka, ndinaponda buleki, basi inangopitirira ngati ili pa sopo. Ndinamva kugunda. Becky anatsegula chitseko kuti atsike. Ine ndinaona nyali ikuyaka pamwamba pa sitolo, ndinadziwa kuti apolisi akabwera ayamba ndi kufunsa mayina a onse. Ndinamukuwira kuti tseka." Anasalaza kolala ya shati ija. "Ndinangoona nsapato ndi yunifolomu yabuluu. Kuti ndi a Eugene ndamva limodzi ndi inu, pa windo. Lamulungu lapitali ndinakhala benchi imodzi ndi a Lorraine."

"Becky ali kuti?"

"Kumene ndamusiya sindikuuzani. Iwonso sindiwauza."

Pansi tositala inatulutsa buledi, tinamva. Ndinkadikira kuti mkwiyo ubwere, kapena misozi, chilichonse. Sizinabwere. Ine amene pakamwa panga panandiwolotsa malire a maiko khumi ndi anayi, ndinkangowerenga maluwa a pa katani.

"Kawotchiko mwakakonza?" anafunsa.

"Ayi."

"Ndi chala chimodzi, eti? Kungozunguliza."

"Chala chimodzi."

"A Yacoob ndi okalamba. Palibe angawamvere."

"Palibe."

Anandiyang'ana koyamba chilowereni. "Tsiku lonse ndakhala pano ndikupemphera kuti mukaone, mukakonze, musandifunse. Pemphero lotero ndapemphera ine, bambo a Tiya. Ndikati nditchule dzina la Moffat pakamwa pamakana."

"Anaimba foni."

"Anati chiyani?"

"Akuti tisawauze kaye a Evelyn. Ana awachotsa kale kusukulu."

Constance anatseka maso. Makatani a nyumba imene Moffat anapezera banja lake anawasoka Constance yemweyu, pa makina ake, mwezi wathawu. Anasankha achikasu chifukwa akuti ana ochokera kwathu amafuna kuona dzuwa.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndi mkazi ameneyu. Pamene ndinkazungulira maiko, iye ndi amene ankadikira. Ndikanatha kutsika masitepe khumi ndi atatu, kulowa m'galaja, n'kubwerako mphindi imodzi isanathe. Mawa tikanapita kutchalitchi, ndikanapereka basi ziwiri zotsalazo kuti zinyamule anthu a pamaliro, ndipo anthu akanati Kingstone ndi munthu. Moffat akanalowa m'khoti Lolemba ndi buluku lomwe lija amagonera.

Ndinatulutsa kakhadi komwe Sajeni anandisiyira. Manambala ndinawadina pang'onopang'ono, Constance akuona chala changa. Sanandigwire dzanja. Sanandiuzenso kuti pitirizani.

Inaitana katatu.

"Sajeni Farzana."

"Ndine Kingstone Kaphamtengo. Mubwere ndi munthu wojambula zithunzi. M'galaja mwanga muli kawotchi kamene simunakaone, ndipo pasapezeke wokagwira musanakajambule. Mufunsenso a Yacoob za kanyali kofiira. Moffat basi ija sanayendetse."

Kunamveka phokoso la pepala. "Bambo Kaphamtengo, ngati si Moffat, ndiye anayendetsa ndani?"

Ndinatsegula pakamwa. Koyamba m'moyo wanga munalibe kanthu.

Constance anaika shati ija pabedi, anaimirira, anakonza chitenje chake. Ndinamupatsira foni. Anailandira ndi manja awiri.